Dimba Limene Ndinalimira Mwamuna Wina

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Inu amene mwandidziwa ndili kale ndi imvi mumati a Zuze ndi olongolola. Ana inu, ndikaimirira kuti ndipemphere mumakodolana, mumati lero mbatata zipserera pamoto. Ndimakumvani, makutu anga akadali amoyo. Koma lero ndikuuzeni zoona: pakamwa pamene mukutopa napo apa, kale panali ngati posokedwa ndi luzi.

Ndinakulira ku Makhanga, m'mphepete mwa dambo, masiku amene sitima zapamadzi zinkakwera Shire mpaka ku Chiromo. Tinkamva kulira kwake tili m'mabango, ana n'kuthamangira kugombe kukaona utsi. Njanji inali idakali yachilendo, akulu ena ankayenda dala kukangoigwira ndi dzanja. Dambo linali lodzala. Ukatchera mono madzulo, m'mawa unkapempha mnzako akuthandize kunyamula. Milamba inali yonona, mphende zinali zosawerengeka, ndipo m'chaka cha njala nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi, inkatipulumutsa. Ha, dziko lija linapita, ana inu.

Ine ndinali munthu wa mwadiya, bwato lija losema. Ndinkaolotsa anthu, ndinkapha nsomba. Ng'ona sindinkaiopa. Mvuu ikafwenthera pafupi, ndinkadziwa mbali yoti ndiilambalale. Anzanga ankati Zuze ali ndi mtima wa mwala.

Koma mtsikana angondipatsa moni, basi, mwala uja wasungunuka. Lilime gwa! Ndinkaweramitsa mutu n'kumayang'ana kumapazi. Ndipo kumapaziko n'kumene kunali manyazi anga ena. Ndili mwana, tikusema mwadiya ndi atsibweni anga, nkhwangwa inaterereka n'kundidula chala chapakati cha phazi lamanzere. Ndinkaganiza kuti dziko lonse likuyang'ana mpata umenewo. Ndikaima ndi anthu, ndinkakwirira phazilo mumchenga.

Mayi anga ankandinena: "Iwe Zuze, mbewa yamanyazi inafera kuuna." Ine n'kumangoseka chamumtima, n'kupita kudambo. Nsomba sizifunsa mafunso.

Achinyamata tinali ndi gulu lathu, tinkalitcha nomi. Tinkalima m'minda ya thonje ya anthu, anyamata ndi atsikana pamzere umodzi, makasu kugwa pamodzi, nyimbo ili pakamwa. Ntchito ikatha tinkachita phwando. Ambiri a agogo anu anaonana kumeneko.

Kumeneko n'kumene ndinaona Chanazi. Lero ndi agogo anu, koma mundilole ndimutchule monga ndinkamutchulira mumtima masiku amenewo. Ndiye ankayambitsa nyimbo. Anali wamfupi, wa mpata kumano, woseka ndi thupi lonse. Akayamba kuimba, ngakhale waulesi ankapeza mphamvu. Ine ndinkasankha kumapeto kwenikweni kwa mzere, kutali ndi iye, kuti ndizimumva koma asandione.

Tsiku lina anandibweretsera madzi m'chikho. Anati, "Imwani, a Zuze, mwina pakhosi pakanyowa titha kumva mawu anu." Atsikana onse anaseka. Ine ndinamwa, madzi n'kunditsamwa, ndinatsokomola mpaka misozi. Ngakhale "takhuta", zikomo wa kwathu kuno, sanatuluke.

Ndinamukonda mtsikana ameneyo, abale. Ndinamukonda mpaka kudwala.

Bambo ake anatengedwa kukanyamula katundu kunkhondo ya azungu ija, sanabwerere. Mayi ake maso anali atayamba kuchita nkhungu, sankayenda patali. Chaka chimenecho madzi ataphwa, aliyense anathamangira kudimba lake. Dimba la mayi ake a Chanazi lokha linatsala lili tchire, udzu wofika m'chiuno. Chanazi ankalimbana nalo yekha, koma dimba linali lalikulu ndipo pakhomo panalinso ntchito.

Tsono mvetsetsani, achinyamata, chifukwa apa ndi pamene ndinaphonya. Kwathu kuno ukwati uli ndi njira yake. Poyamba pamapita pakamwa: mnyamata amafunsira mbeta yekha. Kenako amapita ankhoswe kukagogoda kwa atsibweni a mtsikana. Pomaliza ndiye limapita khasu, mkamwini kukaonetsa mphamvu zake m'munda mwa apongozi. Pakamwa, ankhoswe, khasu. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi.

Ine ndinayambira kumchira. Ndinati pakamwa pandikanika, koma khasu silindikanika. Ndilime kaye, mwina adzadziwa okha.

Ndinkadzuka kusanayere bwino, n'kupalasa mwadiya mpaka kumunsi kwa dimba lija. Ndinkalima msangamsanga, dothi lidakali lofewa ndi chinyontho cha madzi. Dzuwa likangoti tulukire, ine ndili kale pakati pa dambo, ndikuonjola miono ngati palibe chachitika. Ndinasosa, ndinatipula, ndinatchinga mpanda wa bango kumbali imene mvuu zinkalowera. Chanazi akabwera ndi mbewu, ankapeza malo okonzeka. Ankabzala. Chimanga chinamera, mbatata zinayala, maungu anatambalala. Dimba lija linasanduka lokongola kuposa onse m'chigawo chimenecho.

Ndinali wokondwa, ndisaname. Ndinkadziona ngati ndakwatira kale.

Koma panali munthu wina, dzina lake Fulansiku. Ankagwira ntchito yosonkhezera nkhuni m'sitima yapamadzi. Nthawi ya chilimwe madzi akachepa sitima zinkavutika kuyenda, ndiye iye ankakhala kumudzi. Anali ataona Chinde, anali ataona nyanja yamchere. Ankavala nsapato, abale, nsapato zenizeni, m'mudzi mmene tonse tinkayenda chapansi. Pakamwa pake panali pa uchi. Iyeyo anatsata njira yake bwinobwino. Anamulankhula Chanazi kuchitsime, ndipo ngakhale mtsikanayo sanayankhe zomveka, iye anatuma ankhoswe ake.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Munthu wosacheza ndi anthu nkhani zimamupeza zitazizira.

Ndinazimva mu mwadiya wanga womwe. Ndinkaolotsa amayi ena opita kukagula mchere, iwo n'kumacheza ngati ine ndine chitsa. Mmodzi anati, "Mwaliona dimba la mayi ake a Chanazi? Mkamwini uja Fulansiku ndi mwamuna. Amalima kusanache, safuna n'kuonedwa komwe." Wina anati, "Ee, mayiwo anamuthokoza dzana, iye n'kungoseka, akuti zazing'ono izo. Akuti chimanga cha m'dimbamo chikangokhwima, atsibweni a mwana abwera kudzamanga nkhani."

Nsungwi yokankhira mwadiya inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinafuna kufuula kuti, "Ndine! Matuza awa ndi a dimba limenelo!" Koma ndinangoweramitsa mutu n'kuyang'ana phazi langa lija. Ndinawaolotsa, anatsika, anapita.

Thukuta langa linali kumanga banja la mwamuna wina. Ndipo sindikanadandaula kwa aliyense, chifukwa ndani anandituma?

Pamenepo ndi pamene ndinayamba mowa. Anzanga ankati uchema, mowa uja wa migwalangwa, umamasula lilime, ndipo ukakanika uchema, kachasu sakanika. Ndinamwa. Tsiku lina masana ndinalimba mtima wa m'chipanda, ndinapita kuchitsime kumene kunali Chanazi. Ndinaima patsogolo pake ndikudzandira. Atsikana anzake anatchera khutu. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati, "Udzudzu wachuluka chaka chino."

Musaseke kwambiri, zinali zowawa. Anzake anagwa pansi ndi phwete. Iye yekha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa, "Mwamwa, a Zuze." Anasenza mtsuko wake n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso kudimba. Miono inaola m'madzi. Ndinkamwa kuti ndiiwale, ndikadzuka n'kukumbuka, n'kumwanso. Ndinkati Mulungu, ngati aliko, anandilenga mopereweza: chala anandimana, pakamwa anandimana. Ndinkayang'ana madzi akuya aja pamene pamakhala ng'ona, maganizo oipa n'kumandibwerera. Ndinali mnyamata wamphamvu, koma m'kati ndinali nditafa kale.

Koma Ambuye ali ndi njira zawo. Sananditumizire munthu wamphamvu. Ananditumizira munthu wamantha.

Kunabwera mphunzitsi wa Mawu a Mulungu, a Bizeki, wochokera kumapiri. Anali kamunthu kochepa thupi, ka mawu ofatsa. Ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo ndipo ankafuna wowaolotsa kupita kumidzi ya tsidya la dambo. Anandipeza dzuwa lili paliwombo, nditagona mu mwadiya, chipanda cha uchema chili pambali. Munthu wanzeru akanafuna wina. Iwo anandigwedeza phewa n'kunena, "Shamwali, akuti pano palibe wodziwa dambo kuposa iwe. Samba kumaso, tipite."

Titangochoka padooko ndinazindikira kuti munthuyu amaopa madzi koopsa. Sankadziwa kusambira. Anagwira m'mphepete mwa mwadiya uku ndi uku, maso ali pansi, milomo ikunjenjemera ndi pemphero. Mwadiya ukangopendama pang'ono, ankafuula, "Mayo!" Mvuu itafwenthera patali, anatsala pang'ono kutigubuduza tonse.

Ndinalephera kupirira. Ndinati, "Aphunzitsi, musamayang'ane pansi. Woyang'ana pansi ndiye amagwa. Yang'anani kumene tikupita."

Anadzutsa mutu, nayang'ana migwalangwa ya tsidya lija. Mwadiya unakhazikika.

Ndinaganiza kuti sabweranso. Koma anabwera, n'kubweranso, mantha ali omwewo. Tsiku lina ndinawafunsa, "Nanga ngati mumaopa chonchi, mumakwereranji?" Anayankha, "Ndimaopadi, Zuze. Tsiku lililonse. Koma anthu ali tsidya lija ndi ofunika kuposa mantha anga."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya mlamba. Ine ndinkaganiza kuti olimba mtima ndi anthu amene sadziwa mantha. Apa panali munthu akunjenjemera, koma akupita.

Mwina chifukwa chakuti ndinali nditaona mantha awo, ine sindinachite nawo manyazi. Tili pakati pa dambo, pamene panalibe wina womva koma akakowa, ndinaimitsa mwadiya m'gumbwa, udzu wautali uja wa m'dambo, n'kuwauza zonse. Za Chanazi, za dimba, za nsapato za Fulansiku, za udzudzu wa kuchitsime. Sindinalankhulepo mawu ochuluka chotero chibadwire. Pomaliza ndinawapempha, "Aphunzitsi, inu mumadziwa kuyankhula. Kandinenereni."

Anati, "Nkhabe, ayi. Wofuna kukwatira Chanazi ndi ine kodi?"

Ndinakhumudwa. Koma iwo anapitiriza: "Unandiuza kuti woyang'ana pansi ndiye amagwa. Nanga iwe ukaima pamaso pa mtsikanayo umayang'ana kuti?"

Ndinati, "Kuphazi."

"Ndiye ukudabwa chiyani? Iwe umayesa manyazi akowa ndi ulemu. Si ulemu ayi. Maso ako ali pa iwe wekha: chala changa, lilime langa, andiseka. Kodi unayamba waganizapo kuti mwanayo akumva bwanji, akuperekedwa kwa munthu chifukwa cha dimba limene munthuyo sanalime?"

Abale, sindinali nditaganizapo. Masiku onsewo ndinkalira za ine ndekha. Za Chanazi, amene ndinkati ndimamukonda, sindinaganize kuti naye ali pamoto.

Kenako anandisimbira za mbusa wa nkhosa uja wa m'Mawu a Mulungu, mukumudziwa nonse, amene anatumidwa kwa mfumu yoopsa iye n'kumakana kuti lilime lake ndi lolemera. Anandiuza kuti amene anaumba pakamwa pa munthu ameneyo ndi yemweyo anaumba panga, ndipo sanalakwitse. Anandiuza za Yesu, kuti anapachikidwa poyera, anthu akumuseka, ananyamula manyazi a anthu onse kuti ife tidzutse mitu. Anati, "Usanakalankhule ndi Chanazi, yamba walankhula ndi Mwini pakamwa. Osati chamumtima. Mokweza, ndimve."

Ndinayesa. Lilime gwa, ngati kale. Iwo anangodikira, atagwirabe m'mphepete mwa mwadiya. Dzuwa linkatentha. Patapita nthawi mawu anatuluka, osweka ngati a tambala wophunzira kulira.

Ndinati, "Mulungu, ndine Zuze. Ndikuopa."

Pemphero langa loyamba linali lomwelo basi. Koma nditangolinena, china chake chinamasuka pachifuwa. Ndinalira ngati mwana. Ndinamuuza za mowa, za madzi akuya aja, za mkwiyo wanga pa Iye. Ndinati ngati mukundifuna ndi chala changa choperewerachi, nditengeni. Ndipo ananditenga, abale. Tsiku limenelo, m'gumbwa, pakati pa dambo la Makhanga, ananditenga. Uchema umene unatsala ndinaukhuthulira m'madzi.

Musaganize kuti m'mawa mwake ndinadzuka ndili mlaliki. Ayi. A Bizeki anandiphunzitsa pang'onopang'ono, monga ine ndinkawaphunzitsira kukhala mu mwadiya. Tikafika padooko ankati, "Lero upereke moni ndiwe, ndipo uwayang'ane kumaso." Ndinayamba ndi nkhalamba. Kenako amayi. Kenako anandituma kuyenda m'mudzi kuitana anthu kumapemphero. Mawu ankanjenjemera, nthawi zina ana ankandiyeserera. Koma ndinaona chinthu chodabwitsa: ukamuyang'ana munthu kumaso, umapeza kuti naye ali ndi zake. Wina akudwala, wina waferedwa, wina akungofuna womufunsa kuti wadzuka bwanji. Za chala changa panalibe ndi mmodzi yemwe anali nazo ntchito.

Uku chimanga cha m'dimba lija chinali chitabereka. Ndevu zake zinayamba kuuma. Ndinamva kuti uthenga wapita kale kwa atsibweni a Chanazi ku Ndamera, ndipo ali m'njira. Nthawi inali itatha.

M'mawa wina ndinatenga khasu. Sindinapite kusanayere ngati kale. Ndinadikira dzuwa likwere, anthu adzaze m'madimba mwawo. Ndinamanga mwadiya poonekera, ndinayenda njira yapakati. Ndinkangoti, "Ambuye, amene ali tsidya lija ndi wofunika kuposa mantha anga."

Ndinamupeza Chanazi ali yekha, akupalira mbatata. Udzu unali utabwereranso kuyambira pamene ndinaleka. Anali ataonda. Sankaimba.

Ndinati, "Mwaswera bwanji, Chanazi?" Ndinamuyang'ana kumaso. Kanali koyamba kuona kuti maso ake ndi ofiirira.

Anadabwa, koma anayankha, "Ndaswera, kaya inu, a Zuze." N'kupitiriza kupalira.

Ndinati, "Sindinamwe."

"Ndaona."

Ndinapitiriza: "Dimba lino... amene ankalima kusanache... ndi mpanda uwo... ndinali ine."

Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, kapena anditsutsa. Iye anangoimika khasu, n'kunena, "Bwerani kuno."

Ananditengera kumunsi kwa dimba, kumene ndinkakocheza mwadiya. Pansi pa mpanda panali phale la mtsuko wosweka, lovundikira. Anawerama n'kulivundukula. Pansi pake, m'dothi lamakande louma gwa, panali phazi la munthu. Lamanzere. Lopanda chala chapakati.

Anati, "Ndinaliona m'mawa woyamba womwe. Ndinalivundikira kuti mbuzi zingalifafanize. A Fulansiku amavala nsapato, a Zuze."

Chinthu chimene ndinkachikwirira mumchenga moyo wanga wonse, iye anachisunga pansi pa phale.

Ndinati, "Nanga bwanji simunawauze mayi?"

Apa ndiye anakwiya. Ndinali ndisanamuonepo atakwiya. "Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ndikufuna phazi? Mtsikana amafunsira mwamuna kodi? Mukanakana, ine nkhope ndikanaiika kuti? Ndazengereza, ndanamizira kudwala, ndanena kuti tidikire chimanga. Tsiku lija kuchitsime ndinati lero anena, inu n'kundiuza za udzudzu! Ine sindingakwatiwe ndi phazi, a Zuze. Ndimadikira pakamwa."

Misozi inali m'maso mwake. Anatola khasu lake. "Ndiye mwabwera kudzandiuza za dimba basi?"

Abale, mvuu ndakumana nazo, mphepo ya pa Shire ndakumana nayo. Koma sindinaopepo ngati nthawi imeneyo. Mutu unafuna kuwerama. Ndinaukaniza.

Ndinati, "Chanazi, ndikukufunani. Mukhale mkazi wanga."

Mawuwo anatuluka ngati kunong'ona. Iye anapendeketsa mutu, kampata ka kumano kaja kanaonekera pang'ono. Anati, "Sindinamve."

Ndinabwereza mokwezako.

"Mphepo yachuluka, a Zuze. Sindinamve."

Kunalibe mphepo, tsamba ndi limodzi lomwe silinkagwedezeka. Ndiye ndinakoka mpweya monga ndinkachitira poitana mwadiya wa tsidya lina, n'kufuula, "Chanazi! Ndikukufunani!"

Mbalame zinauluka m'chimanga. Amayi a m'madimba oyandikana anaimika makasu, wina n'kuyamba nthungululu. Chanazi anabisa nkhope m'nsalu, akuseka ndi kulira pamodzi. Anati, "Tsopano ndamva. Ndi mudzi wonse wamva. Pitani kwa atsibweni anu, musachedwe, anga afika mawa."

Ndinathamanga. Atsibweni anga atamva, anandiyang'ana ngati aona mbuzi ikulankhula. Koma anavala nsalu yawo yabwino n'kupita kukagogoda.

Nkhani sinali yophweka, chifukwa a Fulansiku anali atayamba ndiwo. Akuluakulu anakhala pansi. Anandiitana kuti ndinene ndekha, ndipo ndinanena, mawu akunjenjemera koma akumveka. Anamufunsa Chanazi, iye anatchula dzina langa osaphethira. Atafunsidwa Fulansiku za dimba, anakanda m'mutu n'kuseka. Anati, "Ine sindinanene kuti ndinalima. Anandithokoza, ndiye ndikanatani?" Anamubwezera mphatso zake. Madzi atadzala anakwera sitima yake, ndipo ndinamva kuti anakwatira kumunsi kwa mtsinje. Sindimusungira kanthu. Iye anatola chimene ine ndinataya panjira.

Apongozi anga ndiwo anandilanga bwino. Anatumiza mawu kuti, "Muuzeni mkamwiniyo kuti zimene analima mobisa zija sitikuziwerengera, analima ndi mzukwa. Ayambirenso, masana, tizimuona." Ndinalima, abale, ndikuimba. Tinabatizidwa tsiku limodzi ine ndi Chanazi, mu Shire, a Bizeki ataima pamtunda patali ndithu ndi madzi.

Zaka zapita. Sitima zija zinaleka kubwera. Nomi inatha, a Bizeki anagona kalekale, dimba lija linadyedwa ndi mtsinje chaka china cha madzi ambiri, pamodzi ndi phazi lija. Tinabereka ana, ena tinaika m'manda, ena ndi awa akhala apa ndi zidzukulu. Nthawi zina ndikakhala pakhonde ndimamvabe makasu akugwa pamodzi, ndi mawu a mtsikana wamfupi akuyambitsa nyimbo. Ndimalakalaka masiku amenewo, sindibisa.

Koma chimene Ambuye anandipatsa m'gumbwa muja mtsinje sunatenge. Mantha sanathe onse. Ngakhale lero pamene ndimaimirira, mutu unafuna kuwerama. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimadziwa koyang'ana.

Ndiye ndili ndi mawu kwa inu anyamata amene mwakhala kumbuyo uko, amene mumazungulira nyumba ya eni ake ngati nkhuku yofuna poikira. Mowa sudzakulankhulirani, ine ndinayesa. Mnzanu sadzakulankhulirani. Khasu ndi labwino, koma lili ndi nthawi yake. Pitani masana, mutasamba, muli bwinobwino. Muyang'aneni kumaso, mufunseni mmene wadzukira, mumvetsere yankho lake. Akakana, simufa, mupatseni ulemu wake muzipita. Koma musamusiye mwana wa eni ake akusunga phazi lanu pansi pa phale.

Ndipo kwa inu nonse, akulu ndi ana. Alipo ena muno amene mwakhala mukulima m'dimba la Mulungu mobisa. Mumasesa tchalitchi, mumathandiza odwala, mumabwera sabata iliyonse n'kukhala pafupi ndi khomo. Mapazi anu Iye amawadziwa, ndi zoperewera zake zomwe, ndipo sanyansidwa nawo. Koma akudikira pakamwa. Simufunika mawu ambiri. Ine ndinangotchula dzina langa n'kunena kuti ndikuopa. Bwerani lero, munene lanu. Alemekezeke Iye amene amamasula malilime omangika, alemekezeke mpaka kalekale.

Ndisanakhale pansi, yang'anani uko kwa amayi, pamkeka wakutsogolo. Awo avala duku loyera, akumwetulira ngati akutsatira zonse. Sanamve kanthu ndi kamodzi komwe. Makutu anatseka zaka zapitazo. Mawu aja oti "sindinamve", anandinamiza nawo kudimba, lero asanduka oona. Ndiye m'mawa uliwonse, munthu uja ankalephera kunena "takhuta" amaima pakhonde n'kufuula mpaka agalu a kwa aneba kuuwa. Oyandikana nafe anazolowera. Mundikhululukire, abusa, lero m'mawa sindinawauze agogo anuwa mawu aja, tinachoka mothamanga.

Chanazi! Ndikukufunanibe!

Mwaona? Apendeketsa mutu. Akufuna ndibwereze.

Ndibwereza, abale, mpaka tsiku limene Ambuye adzatseke pakamwa pano okha. Amen.